Mapazi a Appa pa Makala

Lolemba

Vimla 07:12
ronil, ndi zoona Appa alembetsanso zoyenda pamoto kukachisi?

Ronil 07:15
eya. zovala zachikasu achapa kale, zili pachingwe apa

Vimla 07:15
ndiye iwe ukungoonerera? bambo ako wa zaka 71, shuga ali m'mwamba, mapazi adachita dzanzi

Ronil 07:17
akuti dzanzilo ndi promotion. pano makala sawamvanso kkkk

Vimla 07:18
usaseke iwe. kuno ku Brisbane ward yanga timadula anthu miyendo chfkw cha kabala ka msomali. akapsa sachira amenewo

Ronil 07:19
auzeni nokha Akka, achemwali anga, ndinu wamkulu komanso nesi. ali mu group momuno, amawerenga zonse, amangonamizira magalasi

Appa 07:40
▶ voice 0:34
Vimla mwanangu, wadya? Tamvera. Ronil ali ndi miyezi isanu anatentha thupi mpaka adokotala kupukusa mutu. Ine ndinapita kukachisi, ndinagwada kwa Mariamma, mulungu wathu wamkazi, ndinati Amayi, mukandisiyira mwanayu ndidzayenda pamoto chaka chilichonse mpaka kufa. Sindinati mpaka shuga. Ndinati mpaka kufa.

Ronil 07:43
Appa zaka 38 zakwana. kudula nzimbe munapuma, kwa Mariamma kulibe retire?

Appa 07:51
▶ voice 0:11
Iye anapuma pa iwe? Lole ya nzimbe ija unagwetsera mumtsinje, unatuluka chipewa chili kumutu.

Ronil 07:52
inali seatbelt Appa

Vimla 07:53
kma Mariamma akanadziwa kuti akupulumutsa chidakwa cha kava, chakumwa cha mizu chija, akanayamba aganiza kaye

Ronil 07:53
ndiye mwati mundibweze? receipt muli nayo?

Lachiwiri

Vimla 12:05
ndaimbira wansembe wa kukachisi kwathu ku Labasa. akuti lonjezo akhoza kulisenza mwana amene Appa anamuchitira lonjezolo

Vimla 12:05
ndiwe ameneyo

Ronil 12:20
wrong number

Vimla 12:21
masiku 10 kukachisi. kugona pansi, nyama ayi, kava ayi, foni ayi. kenako uwoloke

Ronil 12:22
Akka ine tiyi ndimauzira 10 mins. mukufuna ndiponde makala?

Ronil 12:24
ndafunsa Sashi ngati angapirire masiku 10 popanda mwamuna wake. akuti angawonjezere asanu. mkazi wanga wandigulitsa

Vimla 12:30
ndikuopa ronil. serious. Amma, mayi athu, tidaika kale. sindikufuna kubwera Christmas kudzakankha Appa pa wheelchair

Vimla 13:45
ronil

Vimla 16:10
ndikuona ma tick a blue, usandipusitse

Lachinayi

Ronil 09:02
📷 chithunzi

Ronil 09:02
chikasu sichindikhala. ndikuoneka ngati nthochi yakupsa

Vimla 09:04
mayo ine!! ukupitadi?

Ronil 09:05
dzulo ndinawaona akuyenda pakhonde minga ili kuphazi, iwo osadziwa. ndinaichotsa ndine. magazi mbwee, iwo akuimba nyimbo. basi ndalembetsa

Vimla 09:06
ndikulira mu staff room ngati chitsiru. Appa mwamva? mwana wanu wakulandirani, pumulani tsopano

Appa 09:20
▶ voice 0:19
Ndamva, ndipo nanenso ndalira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwoloka ndi ana a eni ake. Chaka chino tiwoloka awiri, ine ndi wanga.

Vimla 09:21
AYI Appa!! akupita M'MALO mwanu

Ronil 09:21
eee ndiye nkhuku ndasiyira ulele?

Appa 09:27
▶ voice 0:14
Wansembe wanena zake, ndi mnyamata wabwino. Koma ine ndinapangana ndi Mariamma, iyeyo anali asanabadwe. Tikulowa, mafoni tikusiya pageti.

Vimla 09:28
ronil usawalole

Vimla 09:28
ronil plz

Lolemba

Vimla 06:50
ndikudziwa simukuwerenga. ndangoti ndikutukwaneni nonse awiri

Lachisanu

Vimla 14:33
Sashi akuti anakuonani pampanda, Appa ndi amene akutsogolera nyimbo. iwe akuti waonda. zikukuyenera

Lamlungu

Vimla 15:58
Sashi sakuyankhanso. poyamba ndangomva ng'oma kenako foni yaduka

Vimla 16:20
wina andiyankhe chonde

Vimla 16:47
📞 missed call 4

Ronil 17:26
tawoloka

Vimla 17:26
mapazi awo??

Ronil 17:28
osalala ngati a khanda. titafika m'mphepete mwa moto ndinangowerama n'kuwabereka kumsana. oimba ng'oma mpaka anasokoneza

Ronil 17:28
anga musafunse

Vimla 17:29
iwe mwana iwe 😭 sanakane?

Ronil 17:31
anandimenya zibakera ziwiri. kenako anangondigwira zolimba. khosi langa lonse lanyowa, akuti unali utsi

Appa 17:40
▶ voice 0:12
Vimla, mlongo wakoyu wathamanga ngati wakuba mbuzi, anthu akuona. Chaka chamawa aziyenda pang'onopang'ono, mwaulemu.

Vimla 17:41
chaka chamawa??

Ronil 17:44
munamva nokha Akka, mpaka kufa. tumizani mankhwala a matuza. ndipo muwauze achepetse mpunga, madalawa amalemera