Makina Ometera a Amalume Ali Chete

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likukuvutitsanibe? Ine ndili bwino, kungoti sukulu sanatsegulebe, ndiye ndimangokhala m'kachipinda kakuseri kwa shopu yometera ya amalume n'kumawerenga. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa, chifukwa zimene ndikufuna kunena sindingazinenere pafoni ya amalume iwo akumva.

Amayi, amalume sali bwino. Anayamba ndi chifuwa, koma pano akachoka pabedi kufika pakhomo amaima atagwira chitseko, akupuma ngati athamanga. Shopu ndi yotseka. Anti akatchula chipatala, iwo amatembenukira kukhoma.

Ndikuuzeni m'mene zinafikira apa. M'shopumo muli wailesi. Ikamanena za mpira amalume ankakweza, koma ikayamba kuwerenga anthu amene amwalira ndi mliriwu ankayatsa makina ometera, ngakhale pampando palibe munthu, ati akuyesa ngati ali akuthwa. Kasitomala wobwera ndi nkhani yoti matendawa ndi a anthu okwera ndege ankamumeta pang'onopang'ono, macheza ali mkati. Aphunzitsi ena anabwera atavala kansalu kukamwa, amalume n'kuwafunsa ngati kansaluko akametenso. Anthu anaseka. Aphunzitsiwo sanabwerenso.

Atamwalira a Mawaya, okonza magetsi oyandikana nafe, amalume anati inali shuga. Atamwalira mlonda wa pamsika anati unali ukalamba. Koma mnyamata wina atamva mutu atabayitsa katemera, aliyense wokhala pampando anaimva nkhaniyo mpaka kutopa nayo. Anti nawo ali ndi khutu lawo: amangotola za maliro, wina akachira samva n'komwe. Amatsuka ndi makiyi omwe, kenako n'kukalira kukhitchini.

Ine sindiyankhula zambiri, ndimangoona. Mukudziwa kuti amalume nawonso ali ndi shuga. Tsiku loika a Mawaya ndinawapeza atakhala pampando wa makasitomala, akudziyang'ana pagalasi. Sikuti sakhulupirira kuti matendawa alipo. Akuopa.

Tsopano ndifike povuta kulemba. Uthenga wa mawu umene munawatumizira amalume pafoni, wa bambo uja wonena kuti wolowa m'chipatala satulukamo wamoyo, ndi umene amamvetsera m'mawa ndi madzulo. Dzulo anti anachita kugwada powapempha kuti apite kuchipatala. Amalume anangokweza foniyo m'mwamba n'kunena kuti, "Anditumizira ndi alongo anga. Alongo anga angandinamize ine?" Anti akuopa kukuuzani zimenezi, poti ndinu alamu awo.

Sindikukudzudzulani, amayi. Ndikudziwa kuti kwa inu chipatala ndi khonde lija tinakhalapo podikira abambo, mpaka namwino anatibweretsera nsapato zawo m'jumbo. Nanenso fungo la mankhwala limandibwezera komweko. Koma pamsewu wathu uno pali mayi wogulitsa makala amene anapita kuchipatala atanyamulidwa, ndipo lero ali pamalo pake, akukangana ndi ogula monga kale. Za iyeyo palibe amene anajambula uthenga.

Pempho langa ndi limodzi. Za juzi yatsopano munkafuna kundigulira ija musavutike nazo, yakaleyi ikadali bwino. Aimbireni amalume, ndi mawu anuanu osati a munthu wina, muwauze apite kuchipatala. Anti alephera, ine ndine mwana. Inu munawabereka kumsana ali khanda, akumverani. Woyendetsa takisi wa pafupi wavomera kuwanyamula nthawi iliyonse, amalume angoti eya.

Mundiperekere moni kwa achemwali, alamu ndi azakhali. Mng'ono wanga mumuuze kuti mabuku ndinasiya aja si ojambulamo zithunzi.

Makina a amalume ndawathira mafuta n'kuwakulunga m'thaulo, monga amachitira eni ake. Foni yawo ndikumaitchaja n'kuiika pafupi ndi pilo, kuti mukaimba ilire pomwe ali.

Ndine mwana wanu,
Kachete