Foni Imene Amayi Sadula

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Muli bwanji kumeneko, iwe, alamu ndi ana? Nanga bondo la amayi lija likuwalola kuyenda? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi, ndisakunamize.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati kuti mafoni kulibe. Ndikakuimbira umakhala uli pafupi ndi amayi, ndipo nkhani iyi sindikufuna aimve. Komanso ndimadzidziwa, ndikanati ndiikambe pakamwa ndikanangolira, bandulo n'kutha ndisananene chilichonse. Ndiye ndapatsira dalaivala wa basi uja amakubweretsera katundu.

Ntchito yatsala pang'ono kundithera, ndipo chikundithetsa ndi batire la foni. Ukudziwa kuti kampani yathu imatituma kukakolopa m'maofesi a anthu. Kogwira m'mawa aliyense amakudziwa, koma kwa masana akapitawo amatiuza pa foni nthawi ya nkhomaliro. Tsono yangayi ndimachoka nayo kunyumba itadzaza, koma dzuwa lisanafike pamutu yathima kale, zii. Sabata yatha eni ofesi ina anadikira wokolopa mpaka kuweruka, alendo awo n'kupeza fumbi lokhalokha. Akapitawo anandiimika pakhonde anzanga akuona, n'kundiuza kuti ofuna ntchito adzaza pageti, ndikadzangosowanso pa foni ndikabweze yunifolomu ndi magolovesi awo.

Usaganize kuti ndangokhala manja lende. Mnzanga wa kuntchito wogona naye chipinda, uja timamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipatsekeka, anandiuza kuti ndichepetse kuwala kwa sikirini. Ndinachepetsa mpaka uthenga ndimawerenga nditatchinga ndi dzanja ngati ndikuyatsa machesi pamphepo. Anati ndizimitse lokeshoni ndi bulutufu, ndinazimitsa. Ndinafufuta magemu onse amene mwana wako wamkulu anandiikiramo, ndinatulukanso m'gulu la amayi a kutchalitchi amene amatumiza mavidiyo tsiku lonse, moti pano akuti ndabwerera m'mbuyo. Tchaja ndinasintha. Wailesi anafika ponena kuti ndiziigoneka mufiriji, ine ndinamuuza kuti foni si mkaka.

Kutchaja kuntchito n'koletsedwa, soketi ya kasitomala timaikhudza pokhapokha polumikiza makina opopera fumbi. Ndinabwereka pawabanki ya Wailesi, koma foni inatentha m'thumba la epuloni mpaka kundiwotcha pantchafu, ndinachita kuizula ndi mantha.

Loweruka ndinapita kwa okonza mafoni, bambo wina wa magalasi okhuthala amene ali ndi kabenchi pansi pa masitepe a sitolo ya nsapato. Ndinapita nditakonzeka kugula batire latsopano. Anaitsegula, anaiyeza ndi timawaya tawo, n'kunena kuti batire silinafufume, likadali ndi mphamvu zake. Kenako anapita pamene foni imasonyeza zinthu zimene zikudya moto, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, mumalankhula ndi ndani m'mawa wonse?"

Ndinawayankha kuti sindilankhula ndi munthu, ndimangomvetsera.

Apa ndiye ndikuuze zimene sukudziwa. Chiwaphunzitsire iwe kudina chithunzi changa pa Watsapu, amayi amandiimbira m'mawa uliwonse, iwe uli kalikiliki kukonzekeretsa ana kusukulu. Amandifunsa ngati ndadzuka, ngati ndadya, kenako amati chabwino mwanangu, n'kuika foni pawindo osadina batani lofiira. Ndiye ine, mwana wawo, ndiwadule amayi? Iwenso ukudziwa mmene anatilerera, kuti wamkulu asanakuuze kuti pita suchoka pamaso pake. Tsiku loyamba ndinadikira kuti adule okha, sanadule. Kuyambira pamenepo ndimabisa mahedifoni m'duku, n'kumakolopa ndikumva za kwathu.

Ine ndinkaganiza kuti sikirini ikathima, inenso ndili chete, ndiye kuti foni nayo ikupuma. Okonza mafoni aja sanandiseke, anangopukusa mutu. Anati foni sidziwa ulemu, kumvetsera kumadya moto chimodzimodzi ndi kulankhula. Anawonjezera kuti m'maofesi a makoma okhuthala muja netiweki imakhala yofooka, ndiye foni imavutika kuisaka, n'chifukwa chake imatentha. Anati ngakhale andiikire batire lochokera kufakitale lero lomwe, sizisintha. Mankhwala ake ndi amodzi basi, kudula. Ndinatuluka pansi pa masitepe paja ndikulakalaka akanangondiuza kuti foni yafa.

Mng'ono wanga, ukanadziwa zimene ndimamva. Ndimamva tsache pabwalo, nkhuku zikulimbirana madeya, ndi chitseko cha kukhitchini chija chimene mpaka pano palibe anachithira mafuta. Ndimamva iwe ukukalipira ana za nsapato, kenako geti likutsekeka ukamapita kushopu kwako kukasoka. Koma mukachoka nonse ndimamvanso zina. Amayi amaitana malemu abambo kuti abwere, tiyi akuzizira. Amawadikira, n'kuwaitananso. Tsiku lina anali kudandaula okha kuti wachisamba wachedwa kusukulu, mvula ikubwera ndipo sanatenge juzi. Wachisambayo ndine, amene anali atangolankhula nane kumene. Ndinakolopa malo amodzi mpaka mlonda anandifunsa ngati ndikufuna kuboola simenti.

Sunandiuze kuti mutu wa amayi wayamba kutere. Sindikukudzudzula, ndikudziwa unkafuna kundisungira mtima poti ndili kutali, ndipo mtolo wonsewu wausenza wekha. Koma zandipweteka, ndipo ndili ndi mantha kuti tsiku lina adzayang'ana chithunzi changa chija osadziwa kuti ndi ndani.

Lolemba ndinalimba mtima. Amayi atangoti chabwino mwanangu, ndinatulutsa foni, chala chili pa batani lofiira. Nthawi yomweyo anayamba kung'ung'udza kanyimbo kaja ankatiimbira akamatiluka tsitsi pakhonde. Ndinakhala pansi pambali pa ndowa, foni n'kuibweza m'thumba. Inathima nkhomaliro isanakwane. Mwayi wake tsiku limenelo Wailesi ankakolopa m'nyumba yomweyo, ndiye akapitawo atamuimbira anandithamangira kudzandiuza kopita masana. Sabata ya mawa amusamutsira kwina, ndipo ndikasowanso palibe adzandipulumutse.

Pempho langa ndi limodzi. Ntchito iyi ikatha, mankhwala a amayi atheranso pomwepo, choncho foni iyenera kudulidwa, koma chala changa chakana. Udule ndiwe. M'mawa akandiimbira, ukamva kuti tapatsana moni ndipo aiika pawindo, udutsepo ngati ukufuna china, udine lofiira usanapite kushopu. Usawaphunzitse kudula okha, angaganize kuti ndatopa nawo. Usawauzenso za akapitawo, sagona tulo akamva kuti ndili pamavuto.

Undiperekere moni kwa alamu, uwathokoze poperekeza amayi kuchipatala. Ana onse uwauze kuti amayi awo aakulu akuwakumbuka, ndipo wamkuluyo asadandaule za magemu ake. Moni kwa azakhali ndi amalume, komanso kwa anansi aja amatungira amayi madzi. Amayi ungowagwira dzanja m'malo mwanga, uwauze kuti wachisamba anafika bwino, mvula sinamunyowetse.

Za kudulazo ndanena ndithu, usazengereze nazo. Kungoti ukapeza ayamba kusesa, usafulumire kwambiri. Undisiyireko tsachelo ndilimve pang'ono, kenako udine.

Tsala bwino mng'ono wanga,

Ndine mkulu wako,
Wachisamba