Manambala Ochokera ku Luwawa

Lolemba, 5 Juni 2023

Shuga m'mawa 142. Kuzizira koluma zala. Timasitiripi toyezera tatsala 11, mwezi ukadali kutali.

A Yotam Zgambo aikidwa dzulo kwawo ku Engutwini. Sindinapite. Pagulu ndinalemba kuti mutu ukundipweteka. Bodza.

Gulu lathu la pa watsapu, la anthu a shuga kuno ku Mzimba, ndinaliyambitsa ndine chaka chatha, titatopa kunong'onezana pabenchi ya kuchipatala. Anthu 44. Foni ikunenabe kuti 44. M'mawa amene wayeza amalemba nambala yake. Woyamba ankakhala iwo, 6 koloko itangopitirira: "Tawuka. 130." Tsiku lililonse, chifukwa mng'ono wawo wa ku Joni ankawatumizira timasitiripi. Ntchito yawo yogwetsa mitengo ya paini ku Luwawa. Maso ndi maso ndinawaona kamodzi kokha, tsiku la kiliniki. Aatali, jekete ya buluu, kuseka atagwira pakamwa. Ankanditchula kuti madamu adimini.

Anzawo anawapeza Lachisanu masana, chafufumimba pakati pa mitengo. Shuga anatsika kwambiri, atero a Goodluck, mkulu wathu wa pagulu amene anapita kumaliro. Panalibe wina pafupi woti awaike ngakhale siwiti m'kamwa.

Lachiwiri, 6 Juni

151.

Ndaumvera.

Lachisanu lomwelo, 6:14, ananditumizira uthenga wa mawu, kumbali, osati pagulu. Ndinkasita bulauzi, nditachedwa kale kuofesi. Ndinangoyankha ndi kachala kaja koloza m'mwamba, monga ndimachitira ndi mavoisi a anthu onse, ndikuti ndimvera ndikapeza mpata. Mpata sindinaupeze.

Masekondi 38. "Madamu adimini, ndapota. Lero ndachoka kunyumba osadya. NyaShaba sanagone bwino, sindinafune kumudzutsa kuti aphike. Tidya cha m'ma 10 kutchire. Jakisoni ndibaye basi, eti?" Kenako kutsokomola. Lole ikulira patali.

Pansi pake kachala kanga. 6:16.

Yankho ndikulidziwa. Munthu sabaya insulini pamimba yopanda kanthu akupita kukanyamula zipika. Ndinalembapo zimenezi pagulu ine ndemwe, kawiri konse.

Lachisanu, 9 Juni

Sindinayeze. Sabata yakwana.

Kumsika ndaona jekete ya buluu. Ndayitsatira mpaka kobutchala. Munthu wina, wamfupi, wonyamula chiwindi m'pepala.

Sindinauze aliyense. Mwana wanga Jennifer waimba kuchokera ku Lilongwe, akuti mawu anga akumveka ngati ndili ndi chimfine. Ndavomera.

Lachiwiri, 13 Juni

6:09. Foni yalira pampando ndikutsuka m'kamwa.

Yotam Luwawa: "Tawuka. 388."

Chithunzi chawo chomwecho, chija ataima pambali pa mulu wa matabwa. Ndakhala pansi pasimenti, mswachi m'manja.

Pagulu zii mpaka cha m'ma 7. Kenako azimayi awiri atuluka osatsanzika. Wina walemba pemphero lalitali m'Chitumbuka. A Goodluck andiimbira, iwo amene amaseka chilichonse, lero mawu otsika: "Madamu, mwaona zomwe ndaona?"

Ndaimba nambalayo. Ikuitana, osayankhidwa. Masana siikupezekanso.

Lachitatu, 14 Juni

"Tawuka. 402."

Kalata imodzi ndaitayipa katatu kuofesi. Deti ndimangolemba 2 Juni. Abwana andiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Wanga 176. Ndadya mandasi awiri dala. Sindikudziwa ndikulanga ndani.

Lamulungu, 18 Juni

Lachinayi kunalibe. Lachisanu 379. Dzulo kunalibe. Lero 415.

Masiku amene uthenga subwera ndi amene amandivuta kwambiri. Ndimagwira foni mpaka 7 koloko, tiyi atazizira.

Kutchalitchi sindinalandire mgonero. Ndakhala pabenchi anthu akundidutsa.

A Goodluck akuti ndiichotse nambalayo, anthu akuchita mantha, tatsala 39. Akuti mwina ndi wakuba anatola foni pamaliro. Ndatsegula, ndafika pomwe pamati chotsani. Chala chakana. Kuwachotsa ine, kachiwiri?

Lolemba, 19 Juni

138.

Zandibwerera ndikudzibaya chala m'mawa uno, ndikuona kadontho kakutuluka. Makina oyezera shuga sapereka nambala popanda magazi. Ndipo a Yotam sanapitirirepo 200 chaka chonse chija. Wakuba sangadzuke 6 koloko kuti apeke manambala.

Alipo munthu wamoyo amene akudzibaya ku Luwawa. Ndipo 415 ndi nambala ya munthu amene akudwala kwambiri.

Sabata yathunthu ndakhala ndikuopa wakufa, wamoyo akutha.

Ndapempha tchuthi cha masiku awiri.

Lachitatu, 21 Juni

Ndilembe za dzulo ndisanaiwale.

Minibasi mpaka pamsewu waukulu, ina mpaka pokhotera, kenako njinga yamoto. Chifunga mpaka 10 koloko. Paini mbali zonse, mizere yowongoka, pansi popanda udzu. Chete wake wina. Ndinkangoti mwina anagwera apa, mwina apo. Sindinafunse.

Tinyumba ta matabwa ta antchito. Mayi wina wochapa anandilozera ka kumapeto.

NyaShaba, mkazi wa a Yotam, dzina lake Esme. Mtsikana kwa ine, zaka mwina 35. Wowonda, milomo yong'aluka, duku lakuda. Katundu womangamanga m'matumba, nyumbayo ikufunidwa ndi eni ake mwezi ukatha. Pamene tinkalankhula anamwa makapu anayi a madzi.

Nditati ndine Philomena wa pagulu, anagwada. "Ndimwe madamu adimini? Yewo chomene." Anathamangira m'nyumba, n'kutuluka ndi kamakina m'manja awiri. Ankaganiza kuti ndabwera kudzakalanda. N'chifukwa chake sankayankha foni.

Nkhani yake: m'mawa kukazizira zala za a Yotam zinkauma, ndiye ankawabaya ndi iye. Atabwerako kumaliro, 6 koloko inkakwana iye alibe chochita ndi manja ake. Mbwenu tsiku lina anangodzibaya yekha. Nambala itatuluka anakwera pamulu wa zipika pomwe pamagwira netiweki, monga ankachitira mwamuna wake, n'kukopera liwu lija, n'kuika nambala. Ankayesa kuti gululo ndi la achipatala, ndipo akasiya kulandira nambala ya nyumba imeneyi awafufuta a Yotam m'buku. Masiku opanda uthenga ndi amene miyendo inkakana kukwera.

Ndinamufunsa ngati akudziwa tanthauzo la 415. Anamwetulira pang'ono. "Si ndiye kuti magazi ngambiri? Iwo ankapeza zochepa."

Ludzu, kukodza kasanu usiku umodzi, maso a chifunga. Kuyambira Febuluwale. A Yotam ankati amuyeza, iye ankakana, ankaopa singano pachala chake.

Ndinamuyeza pomwepo. 431. Ndinati tenga chitenje, tikupita. Anati nanga nkhuku. Mayi wochapa uja anati azisamala.

Panjinga tinamuika pakati. Mutu wake pamsana pa woyendetsa, ine nditamugwira m'chiuno. Mafupa okhaokha.

Amugoneka. Diripi.

Loweruka, 24 Juni

Wanga 129. Wake 236.

Esme watuluka m'chipatala dzulo. Ali kwanga kuno, chipinda cha Jennifer. Amupatsa mapiritsi, osati jakisoni, ndathokoza Mulungu. Nesi anati akanachedwa sabata ina zikanakhala zina.

Pagulu ndafotokoza zonse za Esme. Chimwemwe. Atatu mwa otuluka aja abwerera. A Goodluck abwera ndi mazira ndi mpiru pakabaza, akuti ndine mngelo wa gulu. Wina walemba kuti a Yotam ndi amene anandituma. Ndazimitsa foni.

Esme ndi wachete. Amasesa pabwalo posesedwa kale. Ndikumuphunzitsa zakudya: mgaiwa pang'ono, masamba ambiri, tiyi wopanda shuga. Wakwinya nkhope pa tiyiyo ngati mwana, taseka tonse. Kuseka koyamba m'nyumba muno mwezi uno.

Madzulo tikusankha nyemba wanena kuti mufoni muja mulibe mawu a mwamuna wake. Mng'ono wawo anafufuta zambiri pamaliro, akuti malo anadzaza. Wafunsa ngati ine ndili nawo ena. Akuti ankamuuza kuti amanditumizira.

Ndati ndiyang'ana.

Lamulungu, 25 Juni

Ndili nawo umodzi wokha. Ena onse ndinkafufuta.

Akaumva, amva kuti anachoka osadya chifukwa cha iye. Munthu wangotuluka m'chipatala. Ndikhoza kunena kuti ndikumuteteza. Zikumveka bwino kwambiri, n'chifukwa chake sindikuzikhulupirira. Pansi pa uthengawo pali kachala.

Wafunsanso pobwera kutchalitchi. Ndati batire yatha.

Lolemba, 26 Juni

Sindinayeze.

Ndabwera kuchokera kuntchito 5 koloko, ndamupeza pakhonde akusoka thumba. Ndamuuza kaye ndi pakamwa panga. Kuti anandifunsa funso, kuti sindinamvere, kuti ndinayankha ngati ndavomera. Ndamuonetsa kachalako. Kenako ndatsegula.

Mawu awo pakhonde panga, dzuwa likadalipo. Atafika pa "NyaShaba sanagone bwino" anatseka maso. Singano ili m'manja.

Zitatha anati, "Bwerezani." Ndinabwereza. Kanayi. Kachinayi anaika khutu pafoni penipeni, kumvera kutsokomola kuja.

Sanalire. Sanandinene. Anangoti, "Phala linalipo la dzulo lake. Akanangotenthetsa." Kenako analowa kuchipinda.

Chakudya chamadzulo sanadye. Ndagogoda, ndamukumbutsa za piritsi ndi chakudya. Watsegula, walandira mbale, watseka.

Lachiwiri, 27 Juni

Wapita ndili kuofesi. Bulangete lopindidwa bwino, kiyi pansi pa mwala pomwe ndinamuonetsa. Mapiritsi watenga, ndayang'ana. Kamakina watenga.

3:40 masana, pagulu, timalemba tating'ono totuwa pakati pa mauthenga: Yotam Luwawa watuluka.

Ndawerenga kambirimbiri.

Lachisanu, 30 Juni

163.

Nambala ija siikupezeka. Nyumba ija lero ndi tsiku lomaliza. Kaya ali ku Engutwini, kaya kwawo, sindinafunse n'komwe kuti kwawo ndi kuti. Masiku anayi m'nyumba mwanga.

M'mawa woyamba kulemba tsopano ndi mayi wina wa ku Jenda, cha m'ma 7. Ine ndimadzukabe 6.

Ndauza a Goodluck zonse, pafoni. Anati nawonso mavoisi ambiri samvera. Sanandiuze kuti si mlandu wanga. Ndawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo.

Ndalemba pagulu lamulo latsopano: funso la mankhwala imbani foni, musatumize voisi, ndipo wina asayankhe chomwe sanamve. Chifukwa chake sindinalembe. Ndidzalemba. Sindikudziwa liti.

Lachiwiri, 11 Julayi

Tsiku la kiliniki, la Esme ndi langa. Ndinafika 7 koloko, ndinakhala poyang'ana geti.

Wabwera cha m'ma 9. Duku lomwelo, koma masaya abwerera pang'ono. Wandiona. Wakhala kumapeto kwa benchi, anthu asanu pakati pathu. Wapereka moni kwa a Goodluck.

Potuluka ndinamva nesi akunena kuti 198.

Ndamutsatira mpaka kudepoti, ndili kumbuyo ngati wakuba. Pafupi ndi ogulitsa mbatata waima, osatembenuka kwenikweni. Akuti akukhala kwa achemwali ake ku Embangweni. Kenako:

"Botolo la mankhwala linali kunyumba tsiku lija, mumtsuko wa madzi. Koma jakisoni anathira kale, ananyamula. Ndinaupeza m'thumba la jekete, wopanda kanthu. Ndinkadabwa kuti anabayiranji kutchire."

Ndiye kuti anadikira yankho langa.

Ndinafuna kugwada pomwepo, pafumbi. Anandigwira pamkono, mwamphamvu, osati mwachifundo. "Yayi. Anthu akuona."

Watulutsa kapepala m'chitenje. Nambala yatsopano, yolembedwa ndi pensulo. Akuti a Goodluck amuuza kuti wolowetsa anthu ndine ndekha. Ndailemba mufoni, ndalakwitsa kawiri. Pa dzina ndafunsa kuti ndilembe NyaShaba kapena Mayi Zgambo. Wati Esme.

Wakwera minibasi yopanda anthu. Yatenga ola lathunthu kuti idzaze. Iye pawindo, thumba pamiyendo, maso kutsogolo. Ine panja, pambali pa tayala, kuofesi akundidikira. Sindinachoke, iyenso sanatseke windo.