Chitenje cha Chipani ndi Feteleza wa Amayi

Kanyama, Lusaka
9 Novembala

Okondedwa akulu anga a Deborah,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko ku Katete, inu ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja unaleka kutupa? Kuno tilipo, kungoti kutentha ndi malaiti kuzimazima. Mvula yagwa kamodzi, ndipo madzi ayamba kale kuima panjira ya kumpopi.

Kalatayi ndapatsira a Maud, aja amabwera kumeneko kudzagula nshawa, ndipo ndawapempha kuti aipereke m'manja mwanu. Muwerenge nokha. Musapite nayo kwa amayi kuti a Chrispin akawawerengere monga timachitira, ndipo musandiimbire pa foni ya a Chrispin. Mukafika kumapeto mudziwa chifukwa chake.

Mukudziwa kuti ine pakamwa mpolemera. Zimene ndilembe panozi ndakhala nazo m'mimba miyezi itatu.

Chibwerereni kudzakhala ndi amalume a Moven, nyumba ino inali ya phwete. Amalume ankanena akazi awo, amake Nigel, kuti Abemba anatha anyani onse a ku Mporokoso. Iwo ankabweza kuti ife akum'mawa tikaona mbewa timaiwala ndi pemphero lomwe. Chinali chimbuya chabe, tonse tinkaseka.

Itayamba kampeni, kuseka kunachepa. Amalume anali ndi chipani chawo, amake Nigel chawo. Amalume ankati tsopano mlimi amalandira uthenga wa feteleza pafoni, wakuba alibe polowera. Amake Nigel ankati kwawo anthu anayi anagawana thumba limodzi poyeza ndi kachidebe ka meda, nanga uthenga wa pafoni umathiridwa m'munda? Amalume akati msewu, iwo amati msewu wapita kwa amene anavota bwino, kwawo mlatho unagwa kalekale. Amalume akati dikirani muone, iwo amati akawauze zimenezo ogulitsa unga. Ine ndinkangotsuka mbale. Aliyense ankandifunsa kuti, nanga iwe Ndaona uli mbali iti? Ndinkangoyang'ana pansi.

Mu Julaye kunabwera a Chrispin, mwana wa amayi aakulu, kudzagula zitsulo za njinga. Anagona kuno masiku atatu. Tsiku lachiwiri amake Nigel anabwera kuchokera kumsonkhano wa chipani chawo atanyamula chitenje chatsopano, cha nkhope ya mtsogoleri wawo. Tinali titasonkhanitsa sopo, shuga ndi mafuta ophikira zoti titumize kwa amayi. Iwo anati ndimangire katunduyo m'chitenjecho, alamu awo, amayi athu, akapeze chovala kumunda.

Amalume anali atangofika kuchokera kugalaji. Anachilanda, kuchiponya pansi, nkuponda pankhope paja ndi jombo yawo ya oyilo. Anati vinthu ivi munyumba mwawo iyayi, ndipo mlongo wawo sangavale nkhope ya munthu wabodza. Amake Nigel anachitola akuseka, nati, “Chitenje ni chitenje, ba Moven, sichivota.” Anandipatsa kuti ndimange, alamu akachapa okha. A Chrispin anali pampando, akuona zonse, akusekerera.

Tinawapempha kuti anyamule katunduyo. Anakana, ati zitsulo zawalemera, ndipo adzera ku Kaunda Square kwa mnzawo. Choncho katundu anatsala kudikira a Maud.

Apa ndi pamene ndinalakwa, akulu anga.

Chitenjecho chinali cholimba, chonunkhira sitolo. Ine chibadwire sindinavalepo chitenje chimene wina sanayambe wavala. Ndinaganiza kuti ndikadula nkhopezo, maluwa a m'mphepete angatuluke siketi. Ndiye pamene onse anachoka, ndinamasula katundu uja. Ndinamangira m'chitenje changa chakale, chija cha nkhanga chimene munandisiyira inu, ndinaika m'saka, nkusoka pakamwa. Sakalo a Maud anapita nalo kwa amayi. Chatsopanocho ndinachipinda nkuchiika pansi pa matilesi. Ndinawabera amayi anga. Palibe dzina lina.

Sindinachidule. Sindinachichapenso, chifukwa kuno ukayanika chinthu pachingwe, nyumba zisanu ndi imodzi za pabwalo pano zimachiona.

Chisankho chinachitika, chipani cha amalume chinapambana. Amalume anavina pamsewu ndi makada, anyamata a chipani aja, amake Nigel anatseka chitseko tsiku lonse. Ndinkati basi zatha.

Mwezi watha a Chrispin anaimba foni. Amalume anaika palaudi monga amachitira. A Chrispin anati ali ndi nkhani yoipa: dzina la amayi lachotsedwa pa mndandanda wa feteleza. Amalume anafunsa chifukwa. Iwo anati amayi anavala chitenje chija cha chipani chogonja pa msonkhano wa kopaletivu ya alimi, anthu onse akuona, ndipo akuluakulu anakwiya. Anati iwo anayesetsa kuwapepesera koma zinakanika. Anafotokoza ndi mtundu wa chitenjecho, ndi nkhope, ndi maluwa a m'mphepete.

Ine ndinali pakhomo ndikusankha nyemba. Chitenje chimene ankanenacho chinali pansi pa matilesi anga, masitepe anayi kuchokera pamene amalume anakhala.

Amalume anapempha kuti alankhule ndi mlongo wawo. A Chrispin anati ali kudimba. Mawa lake anati apita kumaliro. Tsiku lina anati netiweki. Mpaka lero amalume sanamve mawu a amayi.

Kuyambira tsiku limenelo chimbuya chinasanduka ndewu. Amalume anati amake Nigel anachita dala, anatuma chitenje kuti mlongo wawo afe ndi njala, kenaka apeze ponena kuti boma likulanga anthu. Amake Nigel anati ngati nzoona kuti munthu amachotsedwa chifukwa cha nsalu, ndiye amalume aone okha chimene anavotera. Amalume anati boma silingachite zimenezo. Iwo anati, nanga ngati silingachite, mukundikalipira chiyani? Amalume anangomenya tebulo.

Anthu a pabwalo nawo analowerera. Kumpopi azimayi anagawikana. Ena ankati akum'mawa akuona tsopano, ena ankati Abemba ndi a chiwembu kuyambira kale. Ndikafika ndi chigubu ankasiya kulankhula, kenaka wina nkundifunsa mokoma kuti kunyumba kuli bwanji. Sindikudziwa amene ankafunsa chifukwa cha chisoni ndi amene ankafuna kukanena kwa makada. Ndinkangoti kuli bwino.

Masabata atatu ndinakhala chete. Ndinkaopa zinthu ziwiri. Kunena zoona kunali kuvomera kuti ndine wakuba, m'nyumba ya anthu amene amandidyetsa. Kunalinso kunena kuti a Chrispin, akulu athu, amene amayi amawadalira pa chilichonse, ndi abodza. Ine ndani?

Koma posankha nyemba mutu umayenda. Ndinakumbuka kuti chaka chatha, polembetsa feteleza, amayi analibe foni, ndiye pa dzina lawo panalembedwa nambala ya a Chrispin. Uthenga wokatengera feteleza umafika kwa iwo. Ndinakumbuka kuti reji ya amayi, chitupa chawo cha boma chija, amasunga ndi iwo, ati amayi amataya zinthu. Ndinakumbukanso kuti ali kuno ankauza amalume kuti chaka chino awonjezera munda wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo amalume atafunsa za feteleza anangoti Mulungu adzaona.

Sindikunena kuti ndinaona ndi maso. Mwina dzina linachotsedwadi pa chifukwa china. Koma ndikufunsa: munthu anganene bwanji kuti anaona amayi atavala chinthu chimene sichinakwere basi? Anachiona kuno, pa tsiku la jombo lija. Anadziwa kuti amalume akamva za chipani saganizanso, amangoyaka. Ndipo anadziwa kuti mlandu udzagwera mkazi wa ku Mporokoso amene kumudzi alibe womuikira kumbuyo.

Lamlungu lapitali titabwera kutchalitchi, amalume anauza amake Nigel kuti apite kwa achibale awo ku Chazanga mpaka mitima itatsika. Iwo sanalire. Anayamba kulongedza mapoto m'chikwama chachikulu chija, akuimba nyimbo ya Chibemba pansipansi. Anandiuza kuti ndiwathandize kupinda zovala za Nigel. Pamene anandipatsa kayunifolomu kake, miyendo yanga inanyamuka yokha.

Ndinakatenga chitenje chija nkuchiyala patebulo pamaso pa amalume. Ndinangoima.

Amalume anati ichi nchiyani. Kenaka anati zitenje zotere zinagawidwa mazanamazana, mwina amake Nigel andipatsa china kuti ndiwapulumutse. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, nati kodi nawenso wagulidwa?

Ndinatambasula pamene panali popinda. Pankhope paja panali chidindo cha jombo, oyilo wakuda, mizere yonse ya kupansi kwake ikuoneka, ndi pamene chidendene chinadyeka mbali imodzi. Amalume anayang'ana nsaluyo. Anayang'ana jombo zawo pakhomo. Anakhala pansi.

Ndipamene ndinanena zonse, za siketi, za chitenje cha nkhanga, za saka. Ndinanenanso za nambala ya foni ndi reji. Sindinalankhulepo mawu ambiri chotero pamaso pa mwamuna wamkulu.

Amalume anatulutsa foni kuti aimbire a Chrispin pomwepo. Ine, Ndaona, ndinawagwira dzanja. Ndinati musaimbe, akadziwa kuti tadziwa, matumba a feteleza agona kwina lero lomwe. Anabweza foni m'thumba.

Amake Nigel sanandithokoze, ndipo sindikuwadandaula. Anati, “Iwe mwana, masabata atatu unali kugona pamwamba pa ukwati wanga?” Anatulutsa mapoto m'chikwama, koma zovala zawo sanatulutse. Ati adikira amve kuchokera ku Katete, chifukwa m'nyumba ino munthu amaweruzidwa ndi foni. Mpaka lero akandituma amalankhula akuyang'ana kukhoma. Amalume nawo sanapepese. Dzulo anagula kapenta wa ku Mpulungu amene akazi awo amakonda, anangomuika patebulo. Za ndale palibe amene watchula.

Tsopano pempho langa ndi ili, akulu anga, ndipo muchite msanga mvula isanakhazikike.

Pitani kwa amayi ngati mukukangowaona mwendo. Muone ngati chitenje cha nkhanga chili m'nyumba. Muwafunse ngati anapitako nkomwe ku msonkhano wa kopaletivu, ndi zimene a Chrispin anawauza iwo. Ndikukayika ngati nkhani ya chitenjeyi amayi anaimva. Mwina iwo anauzidwa zina.

Kenaka mupeze njira yotengera reji yawo. Munene kuti ikufunika kuchipatala. Mupite nawo amayi kwa alangizi a zaulimi, inu ndi alamu, osati kwa a kopaletivu, chifukwa sindikudziwa amene amadya ndi a Chrispin kumeneko. Mukafunse zinthu ziwiri zokha: kodi dzina lilipo, ndipo ngati lilipo, feteleza wake anatenga ndani? Ngati sanatengedwe, mupemphe kuti achotse nambala ija alembe ya alamu.

Musauze amayi aakulu. Musauze akazi a a Chrispin, ngakhale mumaimba nawo kwaya. Yankho mupatsire a Maud, abwerera Lachisanu la sabata la mawa.

Ngati ndawanamizira a Chrispin, ndidzabwera ndekha kudzagwada pakhomo pawo. Koma munda wa amayi ndi umene umadyetsa iwo ndi ana a malemu achimwene, ndipo chimanga chopanda feteleza pa nthaka ija mukuchidziwa.

Amayi muwauze kuti mwana wawo anawabera chitenje, ndipo akupempha chikhululuko. M'saka limene ndatumiza ndi kalatayi ndaikamo china chimene ndagula ndi ndalama zanga za vitumbuwa. Ndi cha masamba obiriwira, chilibe nkhope ya munthu aliyense. Chimenecho avale kulikonse.

Chija cha jombo amalume achitsekera m'sutikesi. Ati abwera nacho okha kumapeto kwa mwezi, adzachiyale pabwalo pamaso pa banja lonse, a Chrispin adzafotokoze mmene nsalu imodzi inakhalira ku kopaletivu ya ku Katete ili pansi pa matilesi ku Kanyama.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa amayi. A Chrispin mukakumana nawo muwapatse moni monga mwa masiku onse, ndipo mumwetulire.

Mulungu akusungeni, ndipo mvula ikupezeni muli ndi matumba m'nyumba.

Ndine mng'ono wanu,
Ndaona