Masentimita Awiri Pansi pa Chitseko cha Ababa

Lolemba, 9 Okutobala

Ababa atsekeredwa m'chipinda mwawo. Wowatsekera ndine.

Matailosi a m'kolido ndinamaliza Loweruka. Ndekha, mawondo akulira. Ofuna kugula nyumba yathuyi anati pansi pakale pakuoneka ngati pa depoti ya basi. Ndiye Kamen, mlongo wanga, pa foni ali ku Stuttgart, ku Germany: "Nevena, ingoikapo matailosi, mtengo ukwere." Iye kulankhula, ine kugwada.

Ababa ndinawauza kuti asapondepo masiku awiri. Chimbudzi ndi bafa zili m'chipinda momwemo, tinamangira amayi akudwala. Ndinawasiyira buledi, tchizi, wailesi. Anati palibe vuto, kunjaku kulibe chimene anaiwalako.

Lero m'mawa akankha chitseko. Chatseguka pongokwana dzanja, chagunda tailosi, chaima. Pansi pakwera masentimita awiri. Ine wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, mwana wa kalipentala, osayeza.

Kuchizula pa mahinjesi sizitheka chisanatseguke chonse. Ndati ndiitane ozimitsa moto. Mawu pa kampata: "Abwere ndi nkhwangwa pa chitseko changa? Uyambe wandiika m'manda." Anachipala okha mu 1981, matabwa ochokera kumudzi kwa amayi. Ndati ndiye ndiswe matailosi anayi. Ayinso. "Ntchito yoyamba yowongoka imene wagwira, ufuna uiphwanye." Kaya n'kuyamika kumeneko.

Kamen afika Lamlungu ndi galimoto kudzawatenga. Nyumba yosungira okalamba pafupi ndi kwake. Mapepala onse tinasaina kale.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi, imalowa chammbali. Mbale ya msuzi wa nyemba silowa, ndathira m'botolo. Mapiritsi a mtima m'bokosi la machesi. Dzanja limatuluka, kutenga, kubwerera. Ngati ndikuweta chinthu.

A Ruslan a pa nsanjika yachiwiri, mnzawo wa ababa, abwera kudzaona. Agwada, asuzumira, apukusa mutu ngati dokotala. Akuti kuli kamakina kena, lumo lake silizungulira, limangonjenjemera, ndipo limadula thabwa chogona, pansi penipeni, chitseko chili chiimire. Mkamwini wawo anali nako. Ukwati utatha anasiya mkazi n'kutenga makinawo.

Nditaweruka ku famase ndapita kusitolo ya zipangizo. Ndimaganiza kuti ndingoloza n'kulipira. Pakhoma pali mitundu khumi ndi umodzi. Wogulitsa, wandevu za kumlomo, wandiyang'ana kuyambira kunsapato: "N'ka amuna anu?" Ndati n'ka ababa, ali m'ndende. Sanafunsenso.

Ka chingwe kapena ka batire. Konjenjemera madigiri atatu kapena anayi. Lumo lomanga ndi kiyi kapena longokanikiza. Kotchipa maleva 69, ndalama zathu za kuno, kopepuka ngati chidole. Kodula 340, batire kugula padera. Makina opanda batire, mtengo wa nsapato zitatu.

Ndabwerako ndi timapepala totsatsa malonda basi.

Lachitatu, 11 Okutobala

Ndakhala pansi m'kolido, pilo kumatako, kuwawerengera ababa timapepala tija. Ndafika poti kamanjenjemera ka 20,000 pa mphindi. Iwo: "Chinthu chonjenjemera n'chodwala. Dzanja langali limatero tsiku lonse, palibe wabwera kudzaligula." Kenako aseka. Chimwalirire amayi sindinamvepo kuseka kumeneko. Ndinaiwala kuti kumathera m'kutsokomola.

Ka batire akana: "Likafa uli pakati pa chitseko?" Ka chingwe akana: "Soketi ya m'kolidomo ndinaika ine, usaikhulupirire." Kobiriwira akana chifukwa cha mtundu wake, akuti kakufanana ndi thirakitala imene inaponda galu wawo ali mnyamata. Afunsa kuti lumolo mano ake ndi angati. Papepala sanalembe. Akuti ndikawerenge.

Madzulo a Ruslan abwera ndi bolodi la tabula, masewero a madayisi ndi timiyala. Aliika pa kampando pafupi ndi kampata. Dzanja la ababa limatuluka n'kuponya madayisi, a Ruslan amasuntha timiyala ta onse awiri. Akuba, ndawaona. Posakhalitsa patuluka kagalasi kometera ndevu atakamangirira pa pensulo. "Bweza, mbala iwe, wakalamba ukuba." A Ruslan abweza.

Kamen pa foni: "Gula kalikonse, tonseto timadula thabwa." Kwa iye zonse n'zosavuta. Sanatsukepo botolo la msuzi wa nyemba.

Lachisanu, 13 Okutobala

Dzulo sindinalembe. Ndinapita kusitolo kawiri. Mano ndinawerenga, makumi atatu ndi anayi, wogulitsa akundiyang'ana. Ulendo wachiwiri ndinafika mpaka polipirira ndi ka buluu m'manja, ndinabwerera n'kukakoleka pomwe kanali. Lero wandilonjera ndi dzina, wandipatsa mpando. Akuti, "Mayi Nevena, anthu amasankha mwamuna msanga kuposa apa." Ndati ndikudziwa, ndinatero, taonani mmene zinathera.

Pano ndilembe zoona, poti palibe adzawerenge. Mitundu yonse khumi ndi umodziyo ingadule chitsekochi. Ndinadziwa Lachiwiri.

Zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba imodzi, nkhani zathu mapiritsi ndi kuzizira kwa mapaipi. Tsopano ndikaweruka ndimatsamira chitseko, iwo atsamira mbali inayo, nkhani zikungotuluka. Akuti mu 1984 anawapatsa ntchito ku Libya, ndalama zoti tikanagula galimoto, anakana chifukwa ine ndinali ndi mphumu. Sindinkadziwa. Akuti amayi ndi amene anawafunsira, osati iwo kufunsira amayi, pa mzere wogula malalanje. Akuti khofi wa mkazi wa Kamen amakoma ngati madzi otsukira burashi ya vanishi.

Popanda nkhope n'kosavuta. Tikayang'anana timakhala anthu ena.

Papepala la kunyumba ya okalamba paja woyamba kusaina ndinali ine. Ndinatopa. Ndinkafuna Lamlungu limodzi langa, lopanda kumvetsera ngati m'chipindamo mukupumidwa. Ndikulifunabe. Ndiponso sindikulifuna. Zonse ziwiri, mutu umodzi.

Asanayatse wailesi afunsa: "Ku Germany kumeneko zitseko zimatsegukira m'kati kapena kunja?" Ndinanamizira kuti mphika ukupserera.

Loweruka, 14 Okutobala

Ndagula. Kusankha asankha iwo.

M'mawa kapepala kamodzi katuluka pa kampata, atazunguliza ndi pensulo. Ka chingwe, ka mtengo wapakati, lumo lalikulu la mano aang'ono. "Pita ukagule aka. Mlongo wako akabwera mawa adzatenga chitsulo chogumulira khoma." Choncho masiku onsewa ankawerenga nawo. Maleva 129. Wogulitsa wandigwira chanza ndi manja awiri, maso ngati ndikusamuka.

Chingwe chachitali kuchokera kukhitchini. Andiuza ndigoneke katoni pa tailosi, lumo ligone pa katoni, lisakwere, lisatsike. Phokoso lake ngati mavu chikwi m'chitini. Kumvana kosatheka, ndiye tagwirizana: kugogoda kamodzi ndiime, kawiri ndipitirize. Agogoda kamodzi mwina ka makumi atatu. Anunkhiza utsi ine ndisanauone. "Ukukankha. Kasiye kadye kokha, si mwana wodwala."

Maola awiri. Fumbi m'tsitsi, m'mano. Manja akuchita dzanzi mpaka pano, zolemba zanga ngati mapazi a nkhuku.

Ndazimitsa. Chete. Chitseko chatseguka chokha, osagunda kanthu.

Aima pamenepo atameta bwino, malaya oyera. Afupika. Sabata imodzi yokha, kapena anali choncho kale ine osayang'ana. Sanandiyang'ane. Agwada, ayendetsa chala m'munsi mwa chitseko kuyambira uku mpaka uko. "Chakumahinjesi wakhotetsa." Kenako apempha kamakinako. Akayatsa, akagwira m'mwamba nthawi yaitali. Kunjenjemera kwa dzanja lawo osaonekanso, kwalowa m'kunjenjemera kwa makina. Azimitsa. "Aka tikumvana."

Kutuluka sanatuluke. Aponda tailosi imodzi ndi phazi limodzi, ngati woyesa madzi a mumtsinje, abwerera. Chakudya chamadzulo adyera m'chipinda, chitseko chili chitsegukire. Ine kukhitchini.

Lamlungu, 15 Okutobala

Kamen wafika cha m'ma teni. Wanenepa. Galimoto yatsopano, kumbuyo kwadzaza kale mabotolo a lyutenitsa, supu wa tsabola ndi tomato wopaka pa buledi, amene mkazi wake anaitanitsa kwa azakhali. Wapsompsona ababa, wayamikira matailosi, wayang'ana wotchi. Akufuna awoloke mlatho wa Danube dzuwa lisanapendeke. Ndiye lamulo: masutikesi awiri okha, chipinda cha kumeneko chili ndi zonse.

Ababa angogwedeza mutu. Amwa khofi. Atenga tepi, ayeza masutikesi onse awiri, m'litali, m'lifupi, kuya kwake, alemba pachikhatho. Anyamula kamakina kaja, akoka chingwe, alowa m'chipinda. Kiyi wazungulira.

Mavu ayamba.

Kamen wagogoda. Phokoso laima, poti wagogoda kamodzi. Ababa: "Dikira." Wagogodanso kawiri, layambiranso.

Patapita theka la ola chitseko chatseguka pang'ono, dzanja laika thabwa pansi, chatsekeka. Lodulidwa bwino, lowongoka ngati la kufakitale, pakona nambala 1 ya pensulo. Kenako 2. Pa 3 pali tsamba la mphesa losema. Ndalizindikira. Kumutu kwa bedi lawo ndi amayi, limene anapala asanakwatirane, limene ine ndi Kamen tinkalumphapo mpaka kukwapulidwa.

Kamen watembenuza thabwalo kawiri. Waliika m'sutikesi. Lakwana ndendende, osatsala ndi chala chomwe.

Walankhula kwambiri. Za msewu, za ntchito mawa, zoti kumeneko salola munthu kubwera ndi bedi lake, zoti ine ndiye ndawaphunzitsa misala. Wakhala pansi m'kolido, pa pilo wanga. Pa nambala 9 wasiya kulankhula. Pa 12 watsika kugalimoto, ndamuona pawindo akutulutsa mabotolo a mkazi wake n'kuwandandalika m'mbali mwa msewu.

Tsopano ndi hafu pasiti thuu. Masutikesi adzaza kalekale, malaya ndi amodzi omwe mulibe. Matabwa afika 17. Phokoso laima lokha, popanda wogogoda.

Mawu kuseri kwa chitseko: "Nevena, lumo latha. Bedi lidakali theka, kabati sindinayambe."

Sitolo imatseka folo koloko Lamlungu. Kamen watulutsa makiyi a galimoto, akuti mphindi khumi abwera nalo. Ndamuuza kuti sangadziwe loyenera, ndipita ndekha, wapansi.

Malumo aja ndinawaona pakhoma, mitundu isanu ndi inayi. Ndavala jekete. Sindithamanga.