Maphunziro Opanda Dzina

Accra, 9 Novembala

Okondedwa achimwene Selorm,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Hamburg sichinakupheni. Ine kuno ndili bwino, koma thupi lokha.

Ndasiya maphunziro a zamankhwala aja. Musanandikalipire, tamverani. Pa yunivesite pano amalola munthu kudzikonzera maphunziro akeake, bola aphunzitsi atatu avomere. Ine ndaphatikiza sayansi ya nyanja, malamulo a malo ndi mbiri ya kwathu ku Keta. Inu munachoka nyanja isanakokolole manda a amayi. Ine ndinalipo, ndikuona ndi maso angawa, ndipo m'mudzi monse munalibe wodziwa kokadandaula. Ndikufuna wodziwayo adzakhale ine.

Loweruka ndinapita kukawauza bambo. Ndinapeza amaliza chipinda chakumsewu chija, mashelefu ali m'malo, pamwamba pa chitseko alembapo dzina langa ndi utoto wobiriwira. Anandigwira padzanja n'kundionetsa ngakhale pomwe adzaike mpando wawo kuti azidzaonerera ndikugulitsa mankhwala. Ndinawauzira m'chipinda momwemo.

"Chabwino," anatero, "nanga ukamaliza udzakhala ndani?"

"Dzina lake palibe, bambo. Woyamba ndi ineyo."

"Mwana wa a Agbeko ndi namwino. Wa a Kudzo ndi loya. Anthu akandifunsa kutchalitchi ndiziti chiyani? Ndiziti wanga akuphunzira madzi?"

Azakhali a Mawusi, mukuwadziwa pakamwa pawo, anati, "Ndiye mutu ukatipweteka uzidzatiwerengera mafunde?" Anaseka okha. Bambo anangotuluka. Bola akanandikalipira, achimwene.

Madzulo ndinawaphikira akple, nsima yakwathu ija, ndi nsomba zomwe amakonda, mbale inabwerera yovundikira. Mmawa ndinawapeza akwera pampando, akufuta dzina langa ndi utoto woyera, pang'onopang'ono, mosamala ngati mmene amachitira ntchito iliyonse. Ndinawagwirira mpandowo kuopa kuti angagwe. Sanayang'ane pansi.

Sindibwerera m'mbuyo, koma mtima ukundiwawa kwambiri. Mukawaimbira bambo Lamlungu musandipepesere. Mungowafunsa ngati akumwa mankhwala a mtima aja, poti ine foni yanga sakuyankha.

Moni kwa alamu ndi ana. Azakhali akuti muwatumizire nsapato. Moni wa bambo ndilibe. Nditanyamula chikwama n'kugwada kuti nditsanzike, anatembenukira kwa azakhali n'kunena kuti, "Mlendoyu mumuperekeze, asasochere."

Ndine mlongo wanu,
Dzifa