Chithunzi cha Habibu M'dzenje la ku Spain

Lolemba, 9 Julaye 2018

Habibu wandipha. Mchimwene wanga weniweni, bere limodzi, wandipha ndili maso.

Ndinali ku saluni ya Aggie kukambirana za tsitsi la pa ndowa yanga, ukwati wathu wa Chisilamu, basi Aggie akundipatsira foni: "Warda, si achimwene ako awa?" Ndi iyeyo. Ali m'dzenje, wagwada, kabulashi kopentera m'manja. Pambali pake mafupa a munthu, kuyambira mutu mpaka zala zakumapazi. Iye mano onse pamtunda, zala ziwiri m'mwamba. Kumbuyo kwake kamtsikana kachizungu. Pansi walemba kuti, "Ine ndi agogo."

Agogo ake ati?

Atamusankha ku yunivesite kuti apite ku Spain anati akukaphunzira kufukula zinthu zakale. Ife tinkaganiza miphika ndi mikanda. Amayi mpaka anapha nkhuku kuitana aneba. Za manda sanatchuleko.

Pofika madzulo chithunzi chazungulira magulupu onse, Chikamveka kuno mpaka Zakazaka. Wina wawonjezerapo zake: "Wa bizinesi ya mafupa wapeza msika kunja." Masiku ano amene anthu akumangidwa chifukwa chofukula manda! Munthu wa ku yunivesite osaganiza zimenezo?

Ndowa ndi mwezi wamawa. Jamal, wodzandikwatirayo, sanayimbe.

Lachiwiri, 10 Julaye

Habibu watumiza voisi. Akuseka! Akuti ndisadandaule, wachichotsa pa sitetasi. Ngati kuti mafoni a anthu a mu Zomba ali m'thumba mwake.

Kenako wayamba kundidandaulira. Akuti amadzuka dzuwa lisanatuluke, kumatentha ngati ku Nsanje, maondo atupa, buledi wake ndi wouma ngati njerwa, chakudya chilichonse mpaka afunse ngati mulibe nkhumba. Akuti sakumba ndi khasu koma timitengo tonga totokosera m'mano, tsiku lonse nthiti ziwiri. Ophunzira amawaika awiriawiri, aliyense manda ake, ndiye mafupa akaonekera onse amajambulitsa, ndi mwambo wawo. Mnzakeyo ndi Stacey wa ku Canada, ndi amene anati mwetulira.

Stacey akadati dumphira m'moto?

Maondo akewo atupe mpaka aphulike.

Lachitatu, 11 Julaye

Pa mjigo ndangofika nkhani zii. Wina chapansipansi: "Achemwali ake aja."

Lachinayi, 12 Julaye

Che Stambuli, amalume a Jamal amenenso ndi ankhoswe, abwera kudzaonana ndi anjomba anga, alongo awo a amayi, Che Alufandika. Ine ndinali kuseri kwa katani ndi thireyi ya tiyi, ndamva zonse.

Ayamba ndi za kuzizira, za mitengo ya feteleza, kenako: "Tabwera ndi kachithunzi aka." Anjomba achita kuyika magalasi ngati sanakaonepo. Che Stambuli akuti kwawo kulibe amene anakhudzapo fupa la munthu. Akuti adzukulu amakumba kuti aike, tsono uyu akukumba kuti atulutse, ndiye timutche chiyani? Ndiponso poti bambo anamwalira, wondipereka pamaso pa shehe ndi Habibu. "Dzanja lomwelo ligwire dzanja la mwana wathu?"

Mawu omaliza: ndowa iyambe yaima, akakambirane.

Tiyi amwa makapu awiri. Mabisiketi atha onse. Munthu wonyansidwa nafe.

Jamal ndamuyimbira, foni ikungolira. Ndadutsa dala pa shopu yake ya zitsulo, ndamuona ndi maso angawa akubisala kuseri kwa malata.

Loweruka, 14 Julaye

Amayi anapita ku maliro ku Sadzi dzulo. Anabwerako msanga. Lero ndi pamene Aggie wandiuza kuti mayi wina ananena mokweza kuti amuna akagone kumanda kulondera, poti ena ana awo ali ndi maoda a mafupa ochokera kunja. Amayi anangonyamula nsapato.

Ndagula bandulo, ndamuyimbira Habibu. Ndinati, "Achimwene, longedzani, mubwere mudzazimitse moto mwayatsawu." Akuti sangathe, kwatsala milungu iwiri, akachoka opanda satifiketi ndiye kuti aphunzitsi amene anamutumiza sadzatumizanso wina. Akuti zonse ndi zachilolezo, boma la kumeneko likumanga msewu, akapanda kuwachotsa mafupawo aphwanyidwa ndi mathirakitala. Akawayeza adzawaikanso m'manda ena.

Ndinati, "Ndiye mwapita kukathandiza maliro a azungu, kuno mukuika mlongo wanu wamoyo?"

Akuti, "Warda, si azungu okha."

Akuti tsiku loyamba atangosesa dothi anaona kuti munthuyo wagonera kudzanja lamanja, nkhope yaloza kumene timaloza poswali, bokosi palibe. Manda onsewo mzere umodzi chimodzimodzi. Anzakewo anachita kudikira aphunzitsi awafotokozere kuti kalekale kumeneko kunkakhala Asilamu. Iye sanafunike kuuzidwa. Ndi iye amene analowa m'manda kuwagoneka bambo athu chomwecho.

Akuti m'mawa uliwonse asanayambe amawerenga dua, pemphero lathu, chamumtima, Stacey amaganiza kuti akuwodzera. Akuti chakudya sichikulowa.

Ndinafunsa chimodzi chokha: "Ndiye munkadziwa pamene munkaseka pa chithunzi paja?"

Akuti eya. Onse ankajambulitsa, sanafune kuoneka wachimidzi.

Ndadula foni. Msilamu mnzake, wogona ngati bambo, iye zala ziwiri m'mwamba kuti Stacey asamuseke!

Lamulungu, 15 Julaye

Sindinawauze amayi. Che Stambuli akamva zimenezi ndiye basi, ngakhale kukambiranako kutha.

Habibu wayimba kangapo. Alire.

Lachiwiri, 17 Julaye

Jamal watulukira. Akuti tikakambirane kopanda anthu, wanditenga pa njinga yamoto mpaka pamwamba pa phiri. Chifunga, kuzizira, ine ndi kajuzi kopyapyala. Wandigulira mastiroberi m'mbali mwa msewu ngati mwana wodwala.

Akuti wamenya nkhondo yaikulu kwawo. Nkhondo ya kuseri kwa malata. Akuti akuluakulu avomera kuti ndowa ichitike tsiku lomwe lija, koma zinthu zitatu: wondipereka akhale anjomba, Habibu asaponde pakhomo tsikulo, ndipo tikakwatirana asamadzadye m'mbale za kwathu. Mpaka liti? "Anthu akaiwala."

Ndinati, "Inuyo a Jamal mukukhulupirira kuti akugulitsa mafupa?" Akuti ayi, ndi zopusa zimenezo, Habibu anakhala naye desiki imodzi ku sekondale, ngakhale nkhuku amaopa kuzinga. "Tsono munawauza amalume anu zimenezo?" Akuti, "Iwe Warda, akuluakulu sitiwatsutsa. Ungovomera, zinazo tidzaona."

Tidzaona.

Ndinatsala pang'ono kumuuza za dzanja lamanja zija, ndione ngati angandisiye pamwamba pomwepo. Ndinadziletsa. Si nkhani yoti ndiyeserere mwamuna.

Akufuna yankho Lachisanu akatuluka ku mzikiti. Potsika phiri sindinamugwire m'chiuno, ndinagwira kachitsulo kakumbuyo. Bola kugwa.

Lachitatu, 18 Julaye

Amayi akuti ndivomere. Akuti Habibu ndi mwamuna, apirira, koma mtsikana ndowa ikaimitsidwa dzina limamatirira. Akunena uku akupukuta maso ndi mpango.

Anjomba nawo akonzeka kale, achapitsa mkanjo.

Chondipsetsa mtima n'chakuti chilango chimenechi Habibu chikumuyenera. Ndikadachipanga ndekha ndikadawonjezera. Koma akumulanga pa mlandu umene sanapalamule, ndipo umene anapalamula ndikuudziwa ndine ndekha.

Lachinayi, 19 Julaye

Habibu watumiza uthenga: "Ndamva kwa anjomba. Vomera, usataye banja chifukwa cha ine." Tamuonani. Akufuna akhalenso wabwino pa nkhani yomweyi.

Lachisanu, 20 Julaye

Abwera atatu: Che Stambuli, mkulu wina sindimudziwa, ndi Jamal kumbuyo ngati wonyamula chikwama. Anjomba anayamba kale kuthokoza, "Ife tamva ndipo tavo..." Ndinatuluka kuseri kwa katani. Ndinagwada bwinobwino pakhomo, asadzati mwana wopanda mwambo.

Ndinati, "Pepani akuluakulu, wokwatiwa ndine. Wondipereka ndi achimwene anga a Habibu. Anachita chopusa, ndipo sindinawakhululukire, mwina mpaka chaka chamawa. Koma sanagulitse fupa la munthu, ndipo a Jamal akudziwa. A Jamal, nenani."

Anjomba: "Warda, lowa m'nyumba!" Sindinasunthe.

Tonse maso pa Jamal. Iye maso pa nsapato. Ndinamupatsa nthawi, Mulungu ndi mboni. Nkhuku inachita kudutsa pakati pathu mpaka kukafika ku mpanda. Anatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Amalume ndi amene anganene."

Che Stambuli anatola ndodo yawo. Akuti sanaonepo mtsikana wotere. Ndinati zikomo, muyende bwino.

Jamal anatsalira pageti, akusuzumira, kudikira kuti ndimutsatire. Ndinalowa m'nyumba.

Amayi ndawapeza kuchipinda atakhala pa thumba la mpunga wa pa ndowa. Sanakalipe. Angofunsa kuti, "Nanga uwu titani nawo?"

Ndinati, "Masulani, tiyambe kudya."